Mabuku Amene Ndinakana Kutaya

1986 mpaka 1993

Ana anga, za ubwana wanga ku Mua mwazimva mpaka kutopa nazo, ndiye pano ndiyambira pa ntchito. Ndikulemba ndili kuno ku Mtakataka, komwe ine ndi amayi anu tinadzapumira, ndipo nthawi ndili nayo yambiri kuposa kale. Ndinalowa m'laibulale ya yunivesite ndili mnyamata wongomaliza Fomu 4, ntchito yanga ili yobwezera mabuku m'mashelefu ndi kupukuta fumbi. Patapita zaka zingapo ananditumiza ku kosi ya zosunga mabuku, ndipo nditabwerako anandiika mu ofesi yoitanitsa mabuku atsopano. Bwana wathu wamkulu anali a Chagwira, bambo wamfupi wosakonda kulankhula, amene ankayenda pakati pa mashelefu manja ali kumbuyo ngati mlimi woyendera munda wa mnzake.

M'laibulale buku lililonse lili ndi nambala yake, ndipo mabuku a zandale amakhala pa 320. Masiku amenewo ophunzira sankaima nthawi yaitali pa nambala imeneyi. Phunziro la zandale kunalibe. Chomwe chinkaphunzitsidwa ndi kayendetsedwe ka maofesi a boma basi. Tikafuna kuitanitsa buku kunja tinkayamba tayang'anitsitsa mutu wake, ndipo mukapezeka mawu onga kuukira kapena kutsutsa tinkalisiya, ngakhale litakhala lonena za tizilombo ta m'thonje. Mabuku amene analetsedwa atafika kale ankakhala m'kabati yokhoma mu ofesi ya a Chagwira. Zomwe zinkadzaza mashelefu a 320 ndi zinthu zobwera zokha popanda kuziitanitsa: mabuku a malankhulidwe a atsogoleri, malipoti a misonkhano ikuluikulu ya chipani, timabuku ta nyimbo zotamanda, ndi nyuzipepala zomwe tinkasokera pamodzi mwezi ndi mwezi n'kuziveka chikuto chobiriwira. Tsiku lina ndinadandaula kuti ntchito yanga ndi yongodinda chidindo. A Chagwira anayamba ayang'ana kukhomo, kenaka anati, "A Fabiano, thokozani. Panopa akutisankhira ena. Tsiku limene adzatisiye kuti tisankhe tokha, mudzachilakalaka chidindocho."

1994 mpaka 1995

Tsikulo linafika chisankho cha zipani zambiri chitangotha. A Chagwira anatsegula kabati ija masanasana aliyense akuona, nandiuza kuti ndibwezere mabukuwo m'malo mwake. Anali ochepa kuposa mmene tinkaganizira, ena odyedwa ndi njenjete, koma sabata imeneyo palibe limene linagona pa shelefu. Kenaka anandipatsa udindo wosankha mabuku a maphunziro a zandale, chifukwa yunivesite inali itavomereza kuti phunziroli liyambe.

Amene anabwera kudzaliyambitsa anali Dokotala Mwalabu. Iwowa anamangidwapo ali wophunzira, atatulutsidwa anathawira kunja, ndipo anakhala kumeneko zaka zambiri. Anabwera ndi sutikesi imodzi ya zovala ndi makatoni a mabuku awoawo. Tsiku loyamba anaima pa 320, nayendetsa chala pa mashelefu, nandifunsa kuti, "Bambo, ndiphunzitsa ndi chiyani pano?" Ndinawayankha kuti tiyambire pa silabasi yawo, ndipo tinakoka mipando n'kukhala pansi.

Anthu amaganiza kuti kusankha mabuku ndi kungogula omwe ali abwino. Abwino ndi ambiri, thumba ndi limodzi. Tinkayamba ndi funso loti buku ili alifuna ndani: kalasi yonse ya chaka choyamba, kapena munthu mmodzi wochita kafukufuku? La kalasi yonse tinkagula angapo n'kuwaika kuseri kwa kauntala, kuti aziwerengedwa m'laibulale momwemo osatuluka nawo. La kafukufuku tinkagula limodzi, ndipo tinkayamba taona kuti akatswiri ena alinena zotani m'magazini awo. Kenaka tinkafunsa ngati likukamba za ife kapena za mayiko ofanana nafe, chifukwa mwana wa kuno sangaphunzire za Nyumba ya Malamulo ya kwina kokha ngati kuti kwathu kulibe. A Chagwira analinso ndi lamulo lawo: ukagula buku lonena kuti makampani a boma agulitsidwe, ugulenso lonena kuti asagulitsidwe, wophunzira akangane nawo onse awiri. Vuto lalikulu linali kwacha. Tinkatumiza oda mtengo uli wina, mabuku pofika mtengo uli wina, ndipo chaka chilichonse tinkasiya magazini ena a akatswiri omwe tinali titangoyamba kulandira. Kusankha magazini yoti tisiye kunkandipweteka ngati kusankha mwana woti ayambe waima sukulu.

Kunabweranso kontena ya mphatso kuchokera kunja. Tinaitsegula mitima ili m'mwamba, koma ambiri anali mabuku akale ofotokoza mmene amasankhira makhansala m'matauni a dziko lina lachisanu, ena atachita nkhungu. Anzathu ankati mphatso sakana. Ine ndi a Mwalabu tinakhala pa makatoniwo n'kusankha limodzilimodzi, ndipo omwe tinasunga anakwana mu wilibala.

Chimene ndinkanyadira kwambiri sichinafune ndalama zakunja. Zaka zimenezo nyuzipepala zinkamera ngati bowa, ina kutuluka kangapo n'kufa. Zipani zinkasindikiza mamanifesito, mipingo inkalemba makalata, mabungwe ankagawa timapepala tophunzitsa kuvota. Palibe katalogi ya wogulitsa mabuku imene inkatchula zimenezi, ndipo ukapanda kutola lero, mawa wina wakulungira mandasi. Ndinayamba kuzitola. Ndikamabwera kumudzi ndinkatsika pa Golomoti n'kuzungulira msika wonse ndikupempha kapepala ka chipani chilichonse, mpaka ogulitsa anasokonezeka kuti kodi ndine wa mbali iti. A Mwalabu ankati makatoni anga amenewo ndi amtengo kuposa kontena yonse ija. Tinali pa ubwenzi weniweni. Ankabwera kunyumba Lamlungu kudzadya mpunga wa kwathu, ndipo iwe Agnesi, dikishonale yako yoyamba anakugulira ndi iwo.

1996

Mashelefu anadzaza. Mabuku atsopano anayamba kugona m'makatoni pansi pa tebulo langa, ophunzira akuwafuna. Laibulale iliyonse imachotsa mabuku nthawi ndi nthawi, ong'ambika, obwereza, ndi amene palibe wawatsegula kwa zaka, choncho nkhaniyi inapita ku komiti ya laibulale, momwe munali aphunzitsi ndi oimira ophunzira. Kumeneko a Mwalabu anapereka ganizo loti zonse za chipani chakale zichoke pa 320, zikagulitsidwe kwa ogaya mapepala. Anati zimenezo si maphunziro koma nyimbo zotamanda munthu, ndipo zikudya malo a mabuku enieni. Pafupifupi onse anavomera. Koma mwa dongosolo lathu buku silichoka popanda siginecha ya woyang'anira gawolo, ndipo woyang'anirayo ndinali ine. Ndinapempha kuti andipatse nthawi.

Kupempha nthawi kokhako kunali kupala moto kudambwe. Ine ndine wa ku Dedza, ndipo masiku amenewo munthu ankangomva kwanu n'kuganiza kuti wadziwa kale komwe unavota. Ndinayamba kumva m'makonde kuti Fabiano ndi wa chipani chakale, mwinanso mmodzi mwa aja ankapereka anzawo. Wina analemba ndi choko pa chitseko cha ofesi yanga mawu amene sindiwabwereza pano. Anzanga ena amene tinkamwa nawo tiyi anayamba kukamwera kwina.

Chimene iwo sankadziwa, ndipo inu munali ana, ndi nkhani ya azakhali anu a Velonika, achemwali anga aakulu, amene anandilera mayi athu atamwalira. Amuna awo, alamu anga a Sitefano, anali mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Golomoti. Chaka china m'ma 1970 anakana kubweza ana amene makolo awo anali asanagule makadi a chipani. Galimoto inabwera n'kuwatenga pa sukulu pomwepo, ana akuona. Anabwerako patapita zaka, miyendo itatupa, khutu limodzi losamva, ndipo sanakhalitse. Achemwali analera ana okha ndi geni ya mpunga.

Loweruka lina ndinakwera basi kukawaona, ndikuyembekeza kuti andithandiza kuganiza. Ndinawapeza akupeta mpunga pakhonde, kuseri kwa nyumba kuli mulu wa njerwa zosawotcha, poti ankafuna kumanga ina. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera lichero lisakuima, ndipo nditatha anati, "Nanga vuto lili pati? Nkhuni zakwera mtengo. Undibweretsere mabukuwo ndiwotchere uvuni wangawu."

"Achemwali, ntchito yanga ndi yosunga."

"Ukusungira ndani? Iwe Fabiano, unawaona alamu ako mmene anabwerera. Ankawasambitsa ndiwe. Lero ukufuna uzipukuta fumbi pa nkhope za anthu amenewo?"

Pobwerera mpunga anandipatsa, koma sanandiperekeze kumsewu monga ankachitira nthawi zonse.

M'basi mtima wanga unali ndi achemwali. Zolembazo zikanakhala zanga, ndikanazisenza pamutu mpaka pa uvuniwo. Koma ndinkadziwa chimene aliyense wa ntchito yathu amadziwa: buku lakunja lofotokoza ulamuliro wa chipani chimodzi likasowa, umaitanitsa lina, pomwe zinthu izi palibe akanazisindikizanso, ndipo ndinali nditamva kuti m'maofesi ambiri anazitaya kale. Wofuna kumvetsa mmene dziko lonse linkaombera m'manja ayenera kuwerenga mawu eni ake amene ankaomberedwa m'manjawo, osati kungouzidwa ndi wina.

Komiti itakumananso ndinanena kuti sindisaina. Ndinati zichoke pa 320 ngati malo avuta, koma zisungidwe m'chipinda cha ofufuza, pamodzi ndi mamanifesito ndi nyuzipepala zatsopano zija.

A Mwalabu anavula magalasi. "A Fabiano, mukufuna kuika bodza pambali pa choonadi ngati ndi zolemera mofanana?"

"Ayi, adokotala. Ndikufuna wophunzira wanu adzalione bodzalo ndi maso ake. Akapanda kuliona adzati munkakokomeza."

"Ine ndinagona pa simenti chifukwa cha mapepala amenewo. Inu munkawadinda chidindo."

Zinali zoona, ndipo sindinatsutse. Za alamu anga sindinanene, chifukwa sindinafune kugula chigamulo ndi maliro a kwathu. Ndinangobwereza kuti sindisaina, ndipo ngati akufuna siginecha, ayambe andichotsa pa mpandowo. Mawu amenewa atatuluka ndinakumbukira kuti nyumba imene tinkakhala inali ya yunivesite, ndipo nonsenu munali pa sukulu.

M'mawa mwake a Chagwira anandiitana mu ofesi. "Ndikukusamutsani," anatero. "Mupita kuchipinda chosokera mabuku. Gawo la zandale ndiyamba ndaliyang'anira ndekha." Ndinawafunsa ngati asaina iwowo. Anayang'ana pawindo nati, "Ine dzanja langa limachedwa. Makatoni a mabuku a chipani chakalewo atsike nanu komweko, poti ambiri zikuto zawo zatha." Ndinatuluka ndisakudziwa ngati ndalangidwa kapena ndapulumutsidwa. Anthu onse anaona ngati chilango, mashelefu anapezeka, ndipo phokoso linazirala. Nditafika kunyumba ndinapeza amayi anu atangoweruka kuchipatala, yunifolomu asanavule. Anandifunsa zinthu ziwiri, ngati ntchito ilipo ndi ngati nyumba ilipo. Nditavomera zonse anati, "Ndiye vulani nsapato, madzi ndatereka."

1997

Chipinda chosokera mabuku chinali pansi pa masitepe, chonunkha ulimbo, chokhala ndi kawindo kamodzi koonetsa miyendo ya anthu odutsa. Ndinaphunzira kugwira singano yaikulu kwa madala awiri amene anakalambira momwemo, ndipo pakati pa mabuku a masamu ndi a zamalamulo othothoka masamba ndinkasokanso mabuku a chipani chakale aja. Sindinganame kuti ndinali wokondwa. Zinkandiwawa kumva kuti oda ya mabuku a zandale yapita popanda ine kuiona, ndipo a Mwalabu tikakumana pakhonde ankayang'ana wotchi yawo.

Chakumapeto kwa chakacho, mtsikana wa chaka chomaliza anatsika masitepe aja nafunsa ngati kuno ndi komwe kuli malipoti a misonkhano ya chipani chakale. Ankalemba kafukufuku wa mmene amayi ankagwiritsidwira ntchito pa ndale za nthawi imeneyo. Ndinamufunsa kuti wamutuma ndani, ndipo anati aphunzitsi ake, a Mwalabu. Pambuyo pake anabwera enanso. Tsiku lina a Mwalabu eni ake anandiimitsa pakhomo la laibulale.

"Ana amene ndikutumizawo muziwathandiza," anatero.

"Ndikuwathandiza, adokotala."

"Musaganize kuti ndasintha. Zinthu zimenezo zimandinyansabe."

"Inenso zimandinyansa."

Anandiyang'ana kanthawi ngati akufuna kufunsa kanthu, kenaka anagwedeza mutu n'kumapita. Komiti itakumana, palibe anatchulanso za ogaya mapepala. A Chagwira anatsegulitsa kachipinda ka ofufuza m'mwamba, nandibwezera pa mpando wanga. Ine ndi a Mwalabu tinagwira ntchito limodzi bwinobwino mpaka pomwe ndinapuma, tikusankha mabuku monga kale, koma kunyumba Lamlungu sanabwerenso.

1999

Otsala anali achemwali. Nthawi yonseyi tinkapatsana moni, tinkakumana pa maliro ndi pa maukwati, koma nkhani zathu zinkathera pa mvula ndi mitengo ya mpunga. Kenaka maso awo anachita ng'ala, ndipo amayi anu anawakonzera zoti adzachitidwe opaleshoni pa chipatala cha m'tauni momwe tinkakhala. Anafikira kwathu. Atawachotsa bandeji ankawerenga chilichonse chowagwera m'maso, kalendala, zitini za mkaka, makope anu a sukulu. Tsiku lina m'mawa ndikumanga tayi anatuluka kuchipinda atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nati, "Ndipita nawe. Ndikaone zimene ukusungazo."

Ndinawakhazika pa mpando wa ofufuza. Sanafune malipoti kapena timabuku ta nyimbo. Anatchula chaka ndi mwezi umene alamu anatengedwa, ndipo ndinatsitsa buku lalikulu lobiriwira la nyuzipepala za mwezi umenewo. Anayambira pa tsiku lenilenilo, tsamba loyamba, chala chikuyenda mzere ndi mzere monga anawaphunzitsira masisitere ku Mua. Munali za amayi ovina pa bwalo la ndege, za thonje lomwe linachita bwino, za mpira, za nduna yotsegulira mlatho. Anatembenuza tsiku lotsatira, ndi lotsatiranso. Ndinawabweretsera tiyi, anazizira pomwepo. Ndinapita ku ofesi, ndinabwerako, ndinawapeza akadali pa mzere, mpaka mwezi wonse unatha.

"Mulibe," anatero.

"Mulibe, achemwali. Sankalemba."

"Munthu wathunthu, mphunzitsi wa ana, kumutenga masana dzuwa likuswa mtengo. Ngakhale mzere umodzi."

Ndinachita mantha kuti ndawatosa pabala pachabe. Anatseka bukulo pang'onopang'ono, dzanja lawo n'kukhala pa chikutopo.

"Ana a sukuluwa amabwera kudzawerenga zimenezi?"

"Amabwera."

"Uziwauza kuti akatha kuwerenga zolembedwamo, azifunsanso za amene sanalembedwe. Akasowa poyambira, abwere ku Golomoti. Ine ndilipo."

Pobwerera kunyumba anandigwira mkono powoloka msewu, ngakhale tsopano ankaona kuposa ine. Ndinamva ngati ndatula mtolo umene ndinali nditaiwala kuti ndausenza.

Mawu awo ndinawafikitsa kwa a Mwalabu, ndipo ndi pomwe anamva koyamba za alamu anga. Anandifunsa kuti basi ya ku Golomoti imanyamuka nthawi yanji. Tchuthi chitafika anatumiza ophunzira awiri ndi wailesi yojambulira mawu. Ophunzirawo anakhala ndi achemwali pakhonde masana onse, ndipo atachoka pamenepo analozeredwa makomo ena, ku Mtakataka ndi ku Mua, komwe kunalinso anthu amene nkhani zawo sizinalembedwe paliponse. Anabwerako ndi makaseti odzaza chikwama. Pa zonse zimene ndinalowetsa m'laibulale imeneyo pa moyo wanga, za m'katalogi, za mphatso ndi zotola pamsika, palibe chimene ndinachipatsa nambala ndi mtima wopepuka ngati makaseti amenewo. Ndinawaika pa shelefu imodzi ndi mabuku obiriwira aja, kuti wotsitsa chimodzi aziona chinzake.

Azakhali anu anatisiya, koma mukadzafika ku laibulaleko mudzapemphe kaseti yoyamba. Ndamva kuti mawuwo anawasamutsira pa kompyuta, ndiye simudzavutika. Poyamba mudzamva nkhuku ikulira ndi njinga ikudutsa. Kenaka mudzamva iwowo akukonza kukhosi, n'kufunsa kuti, "Yayamba kujambula? Chabwino. Dzina lake anali Sitefano."